Nyimbo za ku Iceland M'galimoto ya Mwamuna Wanga

1

Zinayamba ndi mpala.

Munditchule Nellie. Anthu a ku Silver Spring kuno ku Amereka akawerenga adziwa kuti ndine ndani. Zilibe kanthu. Anandidziwa kale.

Ndinakulira ku Limbe, kuseri kwa msika. Sindine munthu wokhalitsa pamalo. Limbe ndinachokako. Joni ndinachokako. Ku Cape Town ndinapirira dzinja limodzi, ndinanyamuka. Adadi ankati ndili ngati minibasi, ndimaima pongotsitsa ndi kukweza. Chikwama changa chinkagona pansi pa bedi, chokonzeka.

Amene anandiimitsa ndi Gracian. Wa ku Zomba, wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Amasamalira okalamba ku Falls Church. Tinakumana kutchalitchi kuno, chinkhoswe tinakachitira ku Limbe. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, ndiye adadi anangomutenga ngati mwana wawo. Adadi anali telala wa pakhonde la sitolo. Malaya a pachinkhoswe anamusokera okha.

Gracian ankanyadira tsitsi lake. Ndevu zodula bwino, mzere wowongoka ngati wolemba ndi rula. Tsiku lina mu Okutobala analowa m'nyumba mutu ukuwala ngati dzungu. Ndevu palibe.

"Tsitsi lapita kuti?"

"Kutentha."

"Okutobala wa ku Nsanje kapena wa kuno? Anthu avala majekete panjapo."

Anaseka ndi mano okha. Analowa m'bafa. Madzi anatuluka nthawi yaitali.

Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinali nditapita padera kawiri. Ulendo uno BP inakwera, dokotala anandiletsa ntchito. Gonani, musayendeyende, musadandaule ndi chilichonse. Munthu ngati ine kumuuza zimenezo n'kumutsekera kundende. Ndinkachoka pabedi, kupita pazenera. Kuchoka pazenera, kupita pa filiji. Kubwereranso pazenera.

Pazenerapo ndi pamene ndinaona chachiwiri.

2

Nyumba yathu ili m'mwamba. Zenera limayang'ana poimika magalimoto. Gracian akaweruka ankafika dzuwa lisanalowe. Kale ankangotseka chitseko n'kuthamangira masitepe. Tsopano ankazimitsa injini n'kukhala. Osatsika. Mutu pachiwongolero.

Tsiku loyamba ndinati watopa. Lachiwiri ndinati ali pafoni. Sabata itatha ndinavala jekete pamwamba pa chitenje, ndinatsika pang'onopang'ono, ndinatsegula chitseko cha galimoto.

Choyamba kumva linali phazi. Du. Du. Du. Munthu akuponda thabwa. Kenako gitala, koma osati yovinira. Zingwe zake ngati akuzisisita ndi khosi la botolo, kulira kukutsetsereka kuchoka pansi kupita pamwamba osadukiza. Kenako mawu a mwamuna. Okhuthala, amchenga, ngati munthu wadzuka kumene ndi chimfine. Ukuti wawazolowera, akwera mwadzidzidzi, aonda ngati ulusi. Atsikanso. Chinenero chake ngati munthu akuyankhula uku akuuzira tiyi wotentha.

Gracian anadzidzimuka. Anazimitsa. Maso ali psuu.

"Watsikiranji? Adokotala anati chiyani?"

"Ndi za maliro a kuti zimenezi?"

Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala. "Ndi nyimbo chabe. Woimba wa ku Iceland."

"Iceland. Inu a Gracian, a reggae ya ku Chileka ndi makwaya a Mvano. Iceland mwaidziwira kuti?"

"Mnzanga wa kuntchito."

"Mnzanu alibe dzina?"

Foni ndiyo inayankha. Inali pa kachogwirira kake, ikuwala. Pamwamba pa nyimbozo panali dzina la amene anatumiza. Namakau.

Namakau ndinkamudziwa. Namwino wa ku Zambia, wamtali, woyenda ngati sakuponda pansi. Amagwira ntchito limodzi ndi Gracian. Amapemphera nafe. Mwamuna wake ndi a Chibwe, amakhala ku Alexandria.

Tinakwera masitepe. Iye kumbuyo, dzanja lake pamsana panga. Ndinkalimva ngati mwala.

3

Kenako kunayamba kubwera alendo.

Amayi a kutchalitchi. Atatu lero, anayi mawa. Amalawi ndi Azambia omwe. Anthu oti kuwaona pakati pa sabata n'kosatheka, aliyense ali ndi mashifiti awiri. Koma ankabwera. Mpunga, nkhuku, chigumu, thobwa wa m'botolo. Zitenje atakulunga pamwamba pa mathalauzi a kuntchito.

Mipando inalipo. Iwo ankakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula.

"Khalani pampando, amayi."

"Ayi, pompano pali bwino."

Ankayankhula motsitsa. Nthabwala zawo zija za masiku onse, palibe. Ankaimba nyimbo imodzi, kupemphera, kunditsukira mbale. Potuluka aliyense ankandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Limbani mtima, Nellie. Mulungu sataya wake."

Limbani mtima. Mawu amenewa sauza munthu amene akungodikira mwana. Amauza mkazi amene mudzi wonse ukudziwa za mwamuna wake, iye yekha osadziwa. Ku Limbe ndinaziona. Amayi oyandikana nafe ankapatsidwa moni wachifundo chaka chathunthu asanadziwe kuti amuna awo ali ndi banja lina ku Bangwe.

Namakau naye ankabwera. Yekha, ndi makina oyezera BP. Ankandimanga pamkono, maso ali pa manambala.

"Ba Nellie, ili pamwamba. Gonani chabe. Foni muisiyeko."

"Nyimbo zanu zija amuna anga azikonda."

Dzanja lake linaima. "Ni nyimbo chabe."

Mawu omwewo. Ngati anapangana.

Ndinafuna adadi. Iwo sankalemba mauthenga, ankajambula mawu. Kumbuyo kumamveka makina osokera, phazi likupalasa, iwo akung'ung'udza nyimbo mapini ali pakamwa asanayambe kuyankhula. Ndinaimba. Foni yozima. Ndinaimbira mchimwene wanga Fryson.

"Foni yawo inagwera m'ndowa, asisi."

"Apatse yakoyo."

"Apita ku Thyolo. Apeza ntchito ya mayunifolomu a sukulu."

"Abwera liti?"

"Netiweki ikuvuta kuno. Ndiimbanso."

Sanaimbe.

4

Ndinaganiza zomufufuza mkaziyo m'nyimbo zake.

Dzina la woimbayo ndinalikopera pafoni ya Gracian ali m'bafa. Kulitchula sindinathe. Zilembo zina zili ndi timichira. Pachithunzi anali mwamuna wa ndevu zambiri, juzi yaubweya, maso otopa. Ndinangomutcha Chindevu.

Gracian akapita kuntchito ndinkaika nyimbozo. Ndinkayembekeza za chikondi. Ndimakufuna, ndimakulota, tithawe. Ndinkafuna umboni.

Umboni panalibe. Za Chingerezi ndinazimva bwino. Ina ya bwato limene silinabwerere. Ina ya msewu wokwiririka ndi chipale chofewa. Ina ya nyumba imene nyali yake sayizimitsa. Chibwenzi chanji chotumizirana nyimbo za mabwato?

Ndinakwiya. Ndinabwerezanso. Ndinakwiyanso. Ndinabwerezanso.

Ndinawerenga za iye. Ati anakulira m'tauni yaing'ono ya asodzi, kumene dzinja dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ati anaphunzira gitala pomvera nyimbo zakale za anthu akuda a kum'mwera kwa Amereka, n'kuzisakaniza ndi za makolo ake. Alibe gulu. Iye, gitala, ndi thabwa la pansi pa phazi.

Chimene chinandigwira ndi choti sathamanga. Nyimbo zathu zimakukoka kuti udzuke. Zake zimakukhazika pansi. Amasiya mipata. Amaimba mzere umodzi, n'kukhala chete, phazi lokha likugunda, ngati akudikira kuti iwe uyankhe. Umamva mpweya wake. Umamva chala chikukhula chingwe. Sabisa pamene mawu athyoka. Amapitiriza ndi othyokawo.

Ine amene sindinkatha kukhala pampando mpaka tiyi kuzizira, ndinapezeka nditakhala pansi, msana kukhoma, nyimbo zonse mpaka kutha. Phazi lija likagunda, mwana m'mimba ankagundanso.

Zimenezi zinandiwawa kuposa zonse. Mkazi uja anali ndi kanthu kabwino, ndipo anakapereka kwa mwamuna wanga. Ine ndinali ndi chiyani? Mapazi otupa ndi mapiritsi.

5

Kwathu banja likavuta sumenyana ndi mwamuna. Umapita kwa ankhoswe. Nkhoswe yanga ndi amalume, a ku Chigumula. Ndinawaimbira pa vidiyo.

Nawonso anali ndi mpala. Ndinaona, koma sindinaganizepo. Amuna a msinkhu wawo amameta.

Ndinafotokoza zonse. Tsitsi. Galimoto. Nyimbo. Namwino. Anamvetsera maso ali pansi.

"Nellie, mwamuna wako ndi munthu wabwino."

"Sindinafunse zimenezo, amalume."

"Pirira. Mwana abadwe. Tidzakhala pansi."

"Ndiye mukudziwa."

"Sindinatero."

"Anakuimbirani?"

Anakanda mutu. "Timayankhulana. Ndi mkamwini."

"Adadi akudziwa zimenezi?"

Vidiyo inagwedezeka. Ndinaona denga la malata, kenako nkhope yawo. "Usavutitse bambo ako. Gona, mwana wa mlongo wanga. Chonde gona."

Ndinadula. Amuna amabisirana, ndinati. Kuchokera ku Chigumula mpaka ku Maryland, mgwirizano umodzi.

Tili ndi gulu la amayi a kutchalitchi pa WhatsApp. Mumakhala mavesi, masiku obadwa, ndani aphika chiyani Lamulungu. Ndinatsegula.

Ndinalemba kuti zikomo chifukwa cha mpunga ndi chifundo chanu. Ndikudziwa chimene mukundibisira. Namakau, mwamuna wanga musiye. Uli ndi wako ku Alexandria.

Ndinatumiza.

Ndinaona timizere tikusanduka mtundu. Onse anawerenga. Ndinadikira moto. Wina anditukwane, wina andiikire kumbuyo. Palibe. Gulu loti silitha ola osalira linangoti zii. Patapita nthawi mayi busa analemba mawu awiri. Tiyeni tipemphere.

Namakau sanayankhe. Sanatuluke m'gulu. Mawa lake pakhomo panafika namwino wina ndi makina omwe aja. Anati wamutuma ndi Namakau.

Munthu wosalakwa amadziteteza, ndinati. Wangokhala chete. Ndiye kuti ndalasa.

6

Gracian anabwera msanga tsiku limenelo. M'galimoto sanakhalemo.

"Nellie, fufuta uthenga uja."

"Afufute ndi amene anaulembetsa."

"Mayi uja sanakulakwire. Wachita zambiri chifukwa cha iwe. Kuntchito anthu akumuloza. Ana ake amva."

"Ndiye ndiuzeni. Mumalira chiyani m'galimoto?"

Anakhala pamphepete pa bedi. Anagwira mutu wake wopanda tsitsi uja. Anatsegula pakamwa. Anayang'ana mimba yanga. Anatseka.

"Ndidzakuuza mwana akabadwa."

"Bwanji osati lero?"

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza ndani? Iyeyo?"

"Mwana akabadwa, Nellie. Ndikupempha."

Ndinamva bwino. Akudikira ndibereke kuti andisiye mwaulemu. Munthu wofatsa sasiya mkazi wodwala. Amadikira achire.

Ine sindidikira kusiyidwa. Ndimanyamuka ndekha. Ndinaimbira Cynthia, mnzanga wa ku Joni amene ali ku South Bend. Anati bwera, chipinda chilipo, Amalawi kuno ndi ambiri ngati ku Ndirande. Ndinakoka chikwama pansi pa bedi. Zovala zanga, tizovala ta mwana, mapiritsi, mapepala a kuchipatala. Basi inali ya Lamulungu madzulo.

Lachisanu foni ya Gracian inalira ali kukhitchini. Ndinasuzumira. Matikiti awiri. Chindevu akubwera kudzaimba ku Alexandria, m'kaholo kakang'ono, Lamulungu masana.

Lamulungu lomwelo. Ndinaseka ndekha. Ndiye ndiwaona kaye ndi maso anga, kenako ndikakwere basi.

Lamulungu m'mawa anati akuchoka pang'ono akatuluka m'tchalitchi. Ndinali chogona, nkhope kukhoma. Ndinamva akutsegula kabati, akufufuza m'munsi. Anandipsompsona paphewa. Sindinatembenuke.

7

Sitima ya Metro yofiira mpaka pakati pa tauni. Kusintha, kukwera yachikasu. Chikwama m'dzanja limodzi, dzanja lina pansi pa mimba. Mzungu wina anandipatsa mpando. Sitima ikuwoloka mtsinje ndinamva kupepuka kumene ndimamva nthawi zonse ndikamachoka. Koma ulendo uno kunali kosakoma.

Holoyo inali ngati kalasi yaikulu. Mipando yopinda. Anthu ambiri azungu, majuzi, tsitsi la imvi. Ndinagula tikiti pakhomo, ndinakhala kumbuyo, chikwama pakati pa miyendo.

Mpala wa Gracian sunavute kupeza. Mzere wachitatu. Ndinayang'ana mpando wa pambali pake.

Panali mwamuna. Wonenepa, khosi lalifupi. A Chibwe, mwamuna wa Namakau.

Ndinafufuza holo yonse. Namakau kunalibe.

Magetsi anachepa. Chindevu analowa. Anali wamng'ono kuposa pachithunzi. Nsapato zakutha. Anakhala pa kampando, anakokera thabwa lake pafupi, anati moni ngati munthu wamanyazi. Anayamba.

Pafoni sizimveka chonchi. Phazi lija linkadutsa pansi, kukwera m'miyendo ya mpando, kufika m'chifuwa. Anthu osatsokomola n'komwe. Nyimbo ya bwato. Nyimbo ya msewu. Ina ya chinenero chakwawo, anati ankaimba agogo ake posoka maukonde.

Ine maso anali pa amuna awiri aja. Sankayankhulana. Sankawomba m'manja. Anakhala mowerama, zigongono pamaondo. A Chibwe dzanja paphewa la Gracian. Amuna a kwathu sakhala choncho pa zoimbaimba. Ndinayesa kukumbukira kumene ndinaona kakhalidwe kameneka.

Gracian anavula jekete. M'kati anavala malaya a pachinkhoswe. A buluu, a kolala yaifupi. Anamuthina kalekale, sankawavalanso.

Ndiye Chindevu anasiya gitala. Anaigoneka pamiyendo. Anatseka pakamwa. Anayamba kung'ung'udza, mawu akutulukira m'mphuno, phazi likupalasa thabwa. Chidendene, zala. Chidendene, zala. Mutu woweramira pantchito.

Ndinaona khonde la sitolo ku Limbe. Ndinamva fungo la mafuta a makina ndi nsalu yatsopano. Adadi, mapini pakamwa.

Mapewa a Gracian anayamba kugwedezeka.

Zinabwera zonse pamodzi, ngati mvula ya pa malata. Mpala wake. Mpala wa amalume. Amayi atakhala pansi, zitenje m'chiuno, nyimbo imodzi ndi pemphero. Foni yogwera m'ndowa. Amuna owerama, dzanja paphewa. Ndinaziona kambirimbiri ku Limbe, panja pa nyumba ya siwa.

Maliro anachitikira m'nyumba mwanga mwezi wathunthu. Ine namfedwa ndikuwadyera mpunga.

Ndinadzuka. Ndinayenda pakati pa mipando, chikwama ndinachiiwala. Ndinaima pambali pake. A Chibwe ndiwo anayamba kundiona. Anachotsa dzanja.

Gracian anadzutsa mutu.

Sindinakuwe. Woimba anali asanamalize.

"Adadi anamwalira liti?"

8

Anandiuza panja, pa benchi, masamba ofiira akugwa. A Chibwe ataima patali ndi chikwama changa.

Adadi anagwa pamakina, masana. Pofika nawo kuchipatala anali atapita. Amalume anaimbira Gracian ali kuntchito. Akuluakulu anali atagwirizana kale. Mayi wapakati sauzidwa maliro, makamaka amene anapita padera kawiri. Tataya mmodzi, tisataye atatu. Anamulumbiritsa. Analumbiritsa Fryson. Abale onse anauzidwa kuti pa Facebook pasaoneke kanthu.

Mwambo wa kumanda Gracian anauonera pafoni, m'galimoto, poimika magalimoto ku Falls Church. Namakau ndiye anamupeza mmenemo. Anakhala naye mpaka anakwirira. Pochoka apo anapita kukameta.

"Kuno munthu akaferedwa timasonkhana kunyumba kwake," anatero. "Ine nyumba yanga munali iwe. Ndikanalirira kuti? Nyimbo za kwathu sindikanatha, ukanazimva pazenera n'kudziwa. Namakau anati yesani izi, palibe azitolere. Nditamva bamboyu akung'ung'udza ndinaimika galimoto pambali pa msewu."

"Nanga amayi aja?"

"Anati sangakusiye wekha. Anati tibwera, koma sitinena."

"Ndipo Namakau ndinamutukwana pagulu."

"Ndinamupempha kuti ndikuuze. Anakana. Anati dzina langa lidzachira, BP yake ndaiona ine."

Ndinafuna kumumenya. Ndinafuna kumukumbatira. Sindinachite chilichonse. Mutu unayamba kugunda, maso kuona tinyenyezi. A Chibwe anathamangira galimoto.

Kuchipatala anandigoneka. Sindinatulukenso mpaka mwana anabadwa, masiku ake asanakwane. Wamwamuna. Wamng'ono ngati botolo la Fanta, koma wokuwa. Tinamutcha Melvin, dzina la adadi.

Vidiyo ya kumanda Gracian anandisungira. Ndinaionera m'chipatala momwemo. Makina awo osokera anawaika pakhonde, atawafunditsa nsalu.

Nditayamba kuyenda bwino ndinapita ku Alexandria. Ndinavala chitenje. Ndinagwada pakhomo pa Namakau, m'kanjira ka kapeti, aneba akudutsa.

"Imani, ba Nellie. Muzang'ambula mabala."

"Ndinakulakwirani."

"Munanilakwila, inde." Anandidzutsa. "Ine amai banga banafa ku Mongu, ninaona pa Facebook nili pa shifiti. Ninagwa pansi na thileyi ya mankhwala. Sininafune muone so. Manje mveleni. Pamene munalemba paja, mukalembenso pamene paja."

Ndinalemba madzulo omwewo. Ulendo uno gulu linayankha. Mavesi, timitima, ndi funso loti ndani aphika Lamulungu.

9

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukufuna ndikuuzeni amene analakwa. Za Namakau n'zosavuta. Ndinalakwa ine. Ndinaona chifundo, ndinachitcha miseche. Anandikhululukira, koma mwana wake wamkazi mpaka lero amandipatsa moni woyang'ana kumbali. Ali ndi chifukwa.

Zinazi sindikudziwa. Amalume, kudzera mwa Gracian, amati onani, mutangomva BP inakwera, mwana anabadwa msanga, tinkanena zoona. Ine ndimati inakwera ndi mwezi wonse uja wa pazenera. Dokotala anati sangadziwe. Akanandiuza tsiku lomwelo, mwina Melvin sakanakhalapo. Mwina akanakhalapo, ndipo ine ndikanalira bambo anga pamodzi ndi abale anga, tsiku lake, ngati mwana wawo. Anandikonda, anandibera maliro. Zonse ziwiri n'zoona. Amalume sindinawaimbirebe.

Kwa Gracian sindinachoke. Masiku ena ndimamuyang'ana n'kukumbukira kuti anatha kundiyang'ana m'maso mwezi wathunthu osanena. Masiku ena ndimakumbukira kuti ananyamula yekha bokosi limene tikananyamula awiri. Tsitsi lake lamera. Chikwama chija tsopano mumakhala matewera.

Chindevu timamumvera m'nyumba, osati m'galimoto. Dzina lake sinditha kulitchulabe. Sadziwa kuti kuli Limbe. Sadziwa kuti phazi lake linanena chimene mpingo wonse unalephera kunena. Melvin akavuta ndimamuika paphewa, ndimatseka pakamwa, ndimang'ung'udza, chidendene ndi zala pa kapeti. Amagona.

Ife a kunja kuno timakhala ndi foni m'manja ndi mantha m'mimba. Tonse tikudikira uthenga umenewo. Inu a kumudzi, tikudziwa kuti mumabisa chifukwa chotikonda. Koma munthu wobisiridwa samakhala pamtendere. Amaona kuti chinachake chavunda, ndipo amaloza nyumba yolakwika.

Gracian ndinamulumbiritsa nanenso. Ndikubwereza pano kuti mukhale mboni. Melvin adzakula, ndipo ngati watengera ine adzanyamuka. Adzakhala kutali, mwina ku Iceland komweko. Tsiku langa likadzafika, kaya akulemba mayeso, kaya mkazi wake ali ndi pakati, mudzapeze munthu woti akakhale naye pafupi. Akamugwire paphewa. Kenako mudzamuuze, dzuwa lisanalowe.